Mneneri Yesaya ankanena za yani? Ine ndikuti za Yesu

Sabata Loyera chaka chino mkangano uja wabweranso, ndipo ulendo uno unafika mpaka mu gulupu ya banja lathu pa WhatsApp. Mwina nanunso mwaiona vidiyo ija, kapena zolemba zofanana nayo zimene anthu amasheya pa Facebook Pasaka ikamayandikira, zonena kuti akhristu tinaba Yesaya 53 kwa Ayuda, kuti chaputala chimenechi sichikunena za Yesu olo pang'ono, abusa akhala akungotinamiza basi. Kwathu anaitumiza ndi mwana wa mlongo wanga amene ali ku koleji, Lachinayi usiku, ndi kafunso kamodzi pansi pake: "Malume, izizi mukuti bwanji?" Mayi ake anayankha msangamsanga kuti Satana wayamba kumulowa mwanayu, ena anangotumiza tizithunzi ta manja opemphera, koma funso lakelo palibe amene analigwira. Mawa lake pa Lachisanu Loyera ndinakhala mu tchalitchi kumvetsera mawu omwewo akuwerengedwa monga zimakhalira chaka ndi chaka, ndipo mumtima ndinati mwanayu ayenera kuyankhidwa bwinobwino. Maganizo anga ndiwanenere poyambirira pomwe: Yesaya 53, pamodzi ndi Salimo 22 ndi Zekariya 12, akulozera kwa Yesu wa ku Nazarete, ndipo kuzunzika kwa Mesiya si nkhani imene ophunzira ake anapeka kuti abise manyazi a mtanda. Koma otsutsawo si zitsiru ayi, mfundo zawo zina nzolemera ndithu, nde tiyeni tizione imodziimodzi m'malo momangowatemberera.

Tisanapite patali tiyambe tawerenga kaye, paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Ambiri amene akukalipirana m'makomenti, mbali zonse ziwiri, amangodziwa vesi 5 lokha lija timalimva popempherera odwala. Nkhaniyi imayambira pa 52:13, kungoti manambala a machaputala anaikidwa mochedwa, cha m'ma 1200, ndi Stephen Langton wa ku England, ndiye anadula ndakatuloyi pakati. Muli munthu amene Mulungu akumutchula kuti mtumiki wanga. Akuti adzakwezedwa pamwamba zedi, koma asanakwezedwe nkhope yake iwonongeka mpaka osaonekanso ngati munthu. Anthu akumunyoza, akumubisira nkhope, akuganiza kuti ndi Mulungu amene akumukantha chifukwa cha zoipa zake. Kenako olankhulawo akutembenuka nkuvomera kuti tinkalakwitsa, zowawa zija zinali zathu. Buku Lopatulika limene agogo anga ankawerenga, lija linatuluka mu 1922, limati "analasidwa chifukwa cha zolakwa zathu," komanso "Yehova anaika pa Iye mphulupulu ya ife tonse." Sakutsegula pakamwa, ali duu ngati nkhosa yopita kokaphedwa, akuchotsedwa m'dziko la amoyo, manda ake ali pamodzi ndi oipa komanso ndi wolemera, chonsecho sanachite chiwawa ndipo m'kamwa mwake munalibe chinyengo. Moyo wake ukutchedwa nsembe yopalamula, liwu lomwe lija Levitiko amagwiritsa ntchito pa nkhosa yamphongo yolipira mlandu. Ndiye atafa, ataikidwa, vesi 10 mpaka 12 akuti adzaona mbewu yake, masiku ake adzachuluka, adzalungamitsa ambiri. Mkangano wonsewu uli pa munthu ameneyu, kuti ndi ndani.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi yosavuta kuyankha, nde sindichedwapo. Akuti akhristu anasintha mawuwa Yesu atafa kale kuti agwirizane naye. Kale munthu akanatha kukayika chonchi chifukwa mabuku athunthu a Chihebri amene analipo anali okopedwa zaka pafupifupi 1000 Yesu atabadwa. Koma mu 1947 abusa a ziweto anapeza mitsuko m'phanga ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa, ndipo umodzi mwa mipukutu imene inali mmenemo unali Yesaya yense, machaputala onse 66, wachikopa, wotalika kupitirira mamita 7. Akatswiri amati unakopedwa cha m'ma 125 BC. Lero uli ku Israel Museum ku Yerusalemu ndipo zithunzi zake zili pa intaneti, aliyense atha kuziona. Chaputala 53 chilimo, kulasidwa kulimo, manda alimo. Ndipo pa vesi 11 mpukutu wakalewu uli ndi liwu lina limene mabuku a pambuyo pake alibe, umati mtumikiyo akadzatha kuzunzika adzaona kuwala, chimodzimodzi ndi Septuagint, Baibulo la Chigiriki limene Ayuda anamasulira okha Yesu asanabadwe. Pa mlandu wa malo tonse timadziwa kusiyana kwa kalata yolembedwa dzulo ndi kalata imene inasungidwa m'sutikesi mkangano usanayambe nkomwe. Ena amati machaputala 40 mpaka 55 sanalembe ndi Yesaya wa m'ma 700 BC koma mneneri wina wa nthawi ya ukapolo ku Babulo, cha m'ma 540 BC. Olo titavomera zimenezo, patsalabe zaka zoposa 500 kuti Pilato adzafike ku Yudeya.

Mfundo yachiwiri ndiye yeniyeni, ndipo apa tiyenera kukhala pansi. Ayuda ambiri lero amati mtumiki wa mu Yesaya 53 ndi mtundu wa Israyeli wonse, osati munthu mmodzi. Sakungolota ayi. Pa 41:8 ndi pa 44:1 Mulungu akunena mosabisa kuti Israyeli ndiye mtumiki wake, pa 49:3 akubwerezanso. Malinga ndi kuwerenga kumeneku, amene akulankhula mu chaputala 53 ndi mafumu a mitundu ina aja atchulidwa pa 52:15, akudabwa kuti anthu amene tinkawapondereza aja anali kuzunzika chifukwa cha nkhanza zathu. Amene anatchukitsa kwambiri tanthauzo limeneli ndi Rashi, rabi wamkulu wa ku Troyes ku France, amene anakhala kuyambira 1040 mpaka 1105. Ndipo tizinena zoona, akhristu ena amafalitsa zoti Rashi ndiye anayambitsa maganizowa pofuna kuthawa Yesu, limenelo ndi bodza, chifukwa Origen, mkhristu wa ku Alexandria, analemba cha m'ma 248 kuti Ayuda amene ankatsutsana nawo anamuuza zomwezi. Komanso Rashi anali moyo mu 1096 pamene magulu onyamula chizindikiro cha mtanda anapha Ayuda ambirimbiri ku Worms ndi ku Mainz, mizinda ya ku Germany wa lero. Munthu amene abale ake akuphedwa ndi anthu otchula dzina la Yesu, akawerenga za wonyozedwa ndi wokanidwa nkuona mtundu wake, ine sindingamuseke.

Komabe kumvetsa chifukwa chimene munthu akuwerengera chonchi sikutanthauza kuti mawuwo akulola. Choyamba, mtumikiyu ndi wosalakwa, m'kamwa mwake mulibe chinyengo. Nanga buku lomweli limati chiyani za Israyeli? Pa 6:5 mneneri mwini wake akulira kuti akukhala pakati pa anthu a milomo yonyansa. Pa 42:19 mtumiki Israyeli akutchedwa wakhungu ndi wogontha, pa 42:24 akuti anaperekedwa kwa olanda chifukwa anachimwira Yehova, pa 59:3 akuti milomo yawo yanena mabodza. Buku limodzi silinganene kuti anthuwa akulangidwa chifukwa cha machimo awo, nkutembenuka kunena kuti anthu omwewa alibe tchimo ndipo akusenzera ena. Chachiwiri, 53:8 akuti anakanthidwa chifukwa cha kulakwa kwa anthu anga. Mu Yesaya, anthu anga kawirikawiri ndi Israyeli. Ngati wokanthidwayo ndi Israyeli, ndiye kuti Israyeli wafera Israyeli, zimene sizikumveka. Ena amagwira kaliwu ka Chihebri kakuti lamo kumapeto kwa vesili, akuti kamatanthauza anthu ambiri, ndipo nzoona nthawi zambiri kamatero, koma pa 44:15 kaliwu komweko kakunena za fano limodzi limene munthu akuligwadira, nde sikangathetse mlandu pakokha. Chachitatu, ndipo apa ndi pamene ine ndinakhutira, werengani 49 yonse. Mtumiki amene akutchedwa Israyeli pa vesi 3, pa vesi 5 akupatsidwa ntchito yobweza Yakobo kwa Mulungu ndi kusonkhanitsa Israyeli, pa vesi 6 akuuzidwa kuti imeneyo yachepa, akhalenso kuunika kwa amitundu. Munthu satumidwa kukadzibweza yekha. Pali wina amene akunyamula dzina la mtundu wonse koma ali ndi ntchito pa mtunduwo.

Izitu kwa ife sizachilendo, kungoti tikafika pa Baibulo timaiwala zimene timadziwa. Flames ikachinya timati Malawi yachinya, chonsecho mpirawo wamenya ndi mnyamata mmodzi. Mudzi ukaitanidwa kwa a T/A sapita anthu onse ndi ana omwe, imapita mfumu, ndipo ikayankhula akuti mudzi wayankhula. Ndiye ine sindiuza mnzanga wachiyuda kuti mtumiki si Israyeli, ndimati inde ndi Israyeli, koma Israyeli atatsala munthu mmodzi wokhulupirika amene wasenza ntchito imene mtundu wonse unalephera. Ndipo maganizo oti chaputala chimenechi chikukhudza Mesiya si achikhristu okha. Mu Talmud, mabuku akale a ziphunzitso za arabi achiyuda, pa Sanhedrin 98b, arabi akufunsana dzina la Mesiya, ena akuyankha kuti ndi wakhate, nkutchula Yesaya 53:4 kuti ananyamula nthenda zathu. Targum, kumasulira kwa Chiaramu kumene kunkamveka m'masunagoge, pa 52:13 ikulemba mosabisa kuti mtumiki wanga Mesiya, ngakhale ndivomere kuti ikafika pa zowawazo imazikankhira kwa anthu ena, Mesiyayo imamusiya wopambana. Mu Talmud momwemo, pa Sukkah 52a, mawu a Zekariya 12:10 onena za kulira amene anamupyoza akuwalumikiza ndi Mesiya wa fuko la Yosefe wa m'Genesis uja, amene adzaphedwe. Sindikunena kuti arabi amenewa ankakhulupirira Yesu, sankatero. Ndikungonena kuti amene akuti palibe Myuda anaonapo Mesiya m'mavesi amenewa sanawerenge mabuku a Ayudawo.

Izi zikutifikitsa pa mfundo yachitatu, imene mwana wa mlongo wanga anaikonda kwambiri. Akuti chabwino, ulosiwo ndi wakale, koma olemba Mauthenga Abwino anali nawo pamanja, nde anachita ngati telala amene wapatsidwa muyeso, anangosoka nkhani ya Yesu kuti ikwane. Pali kachoonadi pang'ono apa, Mateyu ndi Yohane analemba malemba akale ali m'mutu, ndipo amasankha mawu oti owerenga akumbukire Masalimo. Koma funsani kuti telalayo anaitanitsidwa suti yotani. Palibe amene ankafuna Mesiya wopachikidwa. Anthu ankadikira mwana wa Davide wothamangitsa Aroma. Yesu atangonena kuti adzaphedwa, Petro anamutengera pambali nkumudzudzula, zili pa Marko 8:32. Awiri aja a pa njira ya ku Emau, pa Luka 24:21, akuyankhula ngati anthu ochokera kumaliro, akuti ife tinkayembekeza kuti ndiye adzaombole Israyeli, kutanthauza kuti chiyembekezocho chathera pamtanda. Deuteronomo 21:23 amati wopachikidwa pamtengo ndi wotembereredwa ndi Mulungu, ndipo Paulo yemwe akuvomera pa 1 Akorinto 1:23 kuti uthenga umenewu ndi chokhumudwitsa kwa Ayuda, chopusa kwa amitundu. Wopeka nkhani amapeka imene igulike. Atsogoleri ena amene anthu anawaikira chiyembekezo atangophedwa magulu awo anabalalika, Gamaliyeli akutchula Teuda ndi Yudasi wa ku Galileya pa Machitidwe 5. Mu 132 mtsogoleri wina wachiyuda, Bar Kokhba, anaukira Aroma, Rabi Akiva nkumutcha Mesiya, koma ataphedwa mu 135 palibe amene anatsegula Yesaya 53 nkunena kuti imfa yake ndiyo chipulumutso. Anangoti sanali iyeyo basi.

Ndiye kupachikidwako pakokha si akhristu anakupeka. Tacitus, wolemba mbiri wachiroma amene ankanyansidwa ndi akhristu, analemba cha m'ma 116 kuti Khristu anaphedwa ndi Pontiyo Pilato pa ulamuliro wa Tiberiyo. Pilatoyo analamulira Yudeya kuyambira 26 mpaka 36, ndipo mu 1961 mwala wolembedwa dzina lake unapezeka ku Caesarea. Komanso kulumikiza imfayi ndi malemba sikunabwere patapita mibadwo. Paulo polembera Akorinto, zaka 25 zisanakwane chichitikireni za pa Gologota, akuti pa 15:3 anawapatsa zimene iyenso analandira, kuti Khristu anafera machimo athu monga mwa malembo. Analandira, ndiye kuti mawuwa ankanenedwa kale iye asanalowe. Mmene ine ndikuonera zinayenda chonchi: chinthu chinachitika chimene sankachifuna, kenako china chinachitika chimene sankachiyembekezera, manda aja anapezeka apululu ndipo iwo anaumirira mpaka kufa kuti anamuona wamoyo, ndiye anabwerera ku mipukutu imene anakulira nkupeza kuti zinalimo kalekale, maso awo ndi amene ankazilumpha.

Za Salimo 22 otsutsa amati ndi kulira kwa Davide kapena munthu wina aliyense wovutika, si ulosi. Apanso ndivomere mbali ina, salimoli ndi pemphero lenileni la munthu amene anali m'mavuto ake, ndipo wodwala aliyense atha kulipemphera lero. Ndivomerenso za vesi 16, lija akhristu timalikonda lakuti anaboola manja ndi mapazi anga. Mabuku ambiri a Chihebri pamenepa amati ngati mkango, ndipo kusiyana kwa mawu awiriwa ndi kachilembo kamodzi, kamzere kafupi kapena katali. Septuagint imati anakumba, kachidutswa kakale ka mpukutu kopezeka ku Nahal Hever, pafupi ndi Nyanja Yakufa, kali ndi kamzere katali, nde umboni wa kuboola ulipo, koma mkangano sunathe ndipo ine sindimangapo nyumba. Chipangano Chatsopano chomwe sichitchula vesi limeneli olo kamodzi. Zimene chimatchula ndi zosakanika, kupukusa mitu monyoza, mawu aja akuti anadalira Yehova amupulumutse, kugawana zovala ndi kuchita maere. Ndipo Marko 15:34 wasunga mfuu ya Yesu mu Chiaramu momwe inatulukira, Mulungu wanga mwandisiyiranji, mpaka oima pafupi anamva ngati akuitana Eliya. Munthu wopeka ngwazi sangaike mawu otere pakamwa pake. Koma werengani mpaka kumapeto. Wosiyidwa uja akupulumutsidwa, ndipo vesi 27 likuti malekezero onse a dziko adzakumbukira nkutembenukira kwa Yehova. Davide anapulumuka kangapo konse, koma palibe tsiku limene mitundu inasiya milungu yake chifukwa cha zimenezo. Lero kuno kwathu, mu tchalitchi cha udzu kumudzi kumene galimoto safika nthawi ya dzinja, amayi akuimbira Mulungu wa Abrahamu, Isake ndi Yakobo. Anamudziwira kudzera mwa ndani? Mwa Myuda mmodzi amene anapachikidwa. Umenewu kwa ine ndi umboni umene ndimauona ndi maso Lamulungu lililonse.

Pano ndiime kaye ndidzudzule a kwathu, chifukwa mbali ina ana athu akukayika kaamba ka ife tomwe. Timakonda kunena kuti Yesu anakwaniritsa maulosi 300, nkumawerengera masamu ngati za lotale, chonsecho ambiri mwa mavesiwo ndi zithunzithunzi ndi mithunzi, si kulosera kwachindunji. Mwana wa ku koleji akapeza limodzi lofooka amataya onse. Mateyu 27:9 akutchula Yeremiya pa ndalama 30 zasiliva pamene mawu ambiri akuchokera pa Zekariya 11, akutanthauza aneneri awiri nthawi imodzi nkutchula wamkuluyo, koma tikamabisa zoterezi mwana akazipeza yekha amaona ngati tinkamunamiza. Palinso nkhani yofala yoti arabi analetsa Ayuda kuwerenga Yesaya 53. Nzoona kuti sichili pa mndandanda wa zowerenga za pa Sabata, koma machaputala ambirimbiri a aneneri palibenso pamenepo, ndipo chili mu Baibulo lililonse la Chihebri. Choipa koposa ndi kugwiritsa ntchito nkhani ya mtanda podana ndi Ayuda. Chaputala chimenechi sichikuti iwo anasochera, chikuti tonse tasochera ngati nkhosa. Wowerenga nkuloza chala mtundu wina sanachimve.

Asilamu anzathu, amene timakhala nawo mudzi umodzi ndi kuikirana maliro, ali ndi mfundo yawo, Qur'an pa 4:157 imati sanamuphe ndipo sanamupachike, zinangooneka choncho kwa iwo. Ndimawalemekeza, ndipo ndikudziwa kuti pansi pake pali ulemu, kuti Mulungu sangalole mneneri wake achititsidwe manyazi chonchi. Koma maganizo amenewo ndi omwe aja Petro anali nawo, ndipo ndi amene Yesaya 53:4 akuwayankha. Pa mbiri, ine ndikutsata mboni za m'zaka 100 zoyambirira, abwenzi ndi adani omwe, osati mawu amene anabwera patapita zaka pafupifupi 600.

Yotsala ndi mfundo ya chilungamo, ndipo imeneyi imandigwira mtima kuposa zonse. Akuti zingatheke bwanji Mulungu wolungama kulanga wosalakwa m'malo mwa wolakwa, pamene Ezekieli 18:20 akuti mwana sadzasenza mphulupulu ya atate wake, ndipo Deuteronomo 24:16 akuti aliyense afere tchimo lake? Funso labwino. Ndili ndi zaka 11 ndinagona kubusa, ng'ombe zathu zinalowa m'dimba la eni ake nkudya chimanga chimene chinali chitayamba kumasula. Nkhani inafika kwa amfumu. Ndimakumbukira nditakhala pansi pa mtengo wa kachere, miyendo ikunjenjemera, mwini dimba ataunjika mapesi odyedwawo patsogolo pa anthu kuti aliyense aone. Amfumu atafunsa kuti mwanayu mwini wake ndani, amalume anga anaimirira, anavula chipewa, nkunena kuti mlanduwu ndi wanga. Madzulo ake mbuzi imene inatuluka inali ya m'khola mwawo, yaikazi, imene ankadalira pa fizi ya ana awo. Palibe amene anati amfumu aweruza mokhota. Zikanakhala zokhota amfumu akanagwira munthu wongodutsa pamsewu nkumulanda mbuzi. Ezekieli akuletsa zimenezo, kukakamiza wina mlandu wosakhala wake. Koma mtumiki wa Yesaya sanagwidwe pamsewu, 53:12 akuti anathira yekha moyo wake ku imfa, ndipo Yesu pa Yohane 10:18 akuti palibe wondilanda moyo, ndikuutaya ndekha. Mose anayesapo kudzipereka chonchi pa Eksodo 32:32 koma sanalandiridwe. Ndikudziwa kuti mbuzi si moyo wa munthu, fanizo langali lili ndi polekezera. Koma akhristu sitinena kuti Mulungu anatuma mlendo, Paulo pa 2 Akorinto 5:19 akuti Mulungu anali mwa Khristu. Woweruza ndi mwini mbumba ndi mmodzi, mbuzi inatuluka m'khola lake lomwe.

Ndipo chifukwa ndikukhulupirira zimenezi, zimandiwawa ndikamaona mmene vesi 5 likugulitsidwira masiku ano. Mayi anga aang'ono anali ndi shuga. Mlaliki wina anawauza kuti ndi mikwingwirima yake tinachiritsidwa kale, nde kumwa mankhwala ndi kukayika, anawagulitsa kabotolo ka mafuta, iwo nkusiya mapilisi miyezi iwiri. Titawapeza phazi linali litatupa, chala chitada bii, ndipo chimene chinkawaliza si ululu koma zoti mwina pali tchimo limene sanalape. Taonani, mawu amene analembedwa kuti atiphunzitse kuti wozunzika si wokanidwa ndi Mulungu, anawatembenuza kukhala ndodo yomenyera wodwala. Sindikukana kuti Yesu amachiritsa, Mateyu 8:17 akutchula Yesaya 53:4 pamene Yesu akuchiritsa odwala ku Kaperenao. Koma Petro potchula za mikwingwirima pa 1 Petro 2:24 akulankhula ndi antchito ozunzidwa ndi mabwana ankhanza, ndipo kuchira kumene akunena ndi kubwerera kwa nkhosa zosochera. Paulo yemwe uja anasiya Trofimo akudwala ku Mileto, nkulangiza Timoteo za m'mimba mwake. Ophunzira oyamba anavutika kulandira Mesiya wozunzika, ife tamulandira pakamwa koma m'mapemphero athu ambiri tikufunabe uja wa Petro, wosakhudzidwa ndi zowawa. Mayi aang'onowo anabwerera ku chipatala, chalacho anadula, mapilisi akumwa ndipo kutchalitchi sajomba.

Mwana wa mlongo wanga sindinamutumizire zonsezi nthawi imodzi. Ndinamuuza awerenge Machitidwe 8, za munthu wa ku Africa kuno, mdindo wosunga chuma cha Kandake, mfumukazi ya dziko limene likulu lake linali Meroe, ku Sudan wa lero. Akuchokera ku Yerusalemu pa njira ya ku Gaza, ali pa galeta, akuwerenga mokweza za nkhosa yopita kokaphedwa, ndipo akufunsa Filipo funso lomweli, kuti mneneriyu akunena za yani, za iye mwini kapena za wina? Filipo sanamuuze kuti Satana wamulowa, anakwera nkukhala naye, nayambira pa lemba lomwelo. Mnyamatayo anawerenga, ndipo Lolemba la Pasaka anabweranso ndi lina: "Malume, nanga vesi 10 likuti adzaona mbewu yake, Yesu analibe ana." Ndinamuyankha kuti liwu lomwelo lili pa Yesaya 57:4 pamene akunena za mbewu ya chinyengo, ndipo chinyengo sichibereka ana a m'mimba, lilinso pa Salimo 22:30 pamene akuti mbewu idzamtumikira, komanso adzifunse kuti munthu amene waikidwa m'manda pa vesi 9 akuona bwanji chilichonse pa vesi 10. Sanavomere, akuti akufuna aonenso bwino za chaputala 49. Loweruka akubwera kunyumba, ndamuuza atenge Baibulo lake ndi vidiyo ija, tidzayambira pa 49:1.